Phewa la Galimoto ya a Mahmood

Lachitatu m'mawa Zeeshan anaimbira foni Anastazia n'kumuuza kuti a Mathias, makaniko wamkulu wa pagalaja, aba. Anastazia anayamba waseka, poganiza kuti ndi nthabwala zotsegulira tsiku, koma Zeeshan sankaseka. Anavala nsapato n'kukakwera minibasi ya ku Limbe.

Anali atapuma ntchito yaupolisi zaka ziwiri zapitazo, atafufuza milandu mpaka imvi kumera. Koma ku galaja ya a Mahmood palibe ankamuwerengera ngati wapolisi. Kumeneko anali Ana, mwana wa malemu a Noel owongola mabodi a galimoto, amene anakulira m'nyumba za antchito kuseri kwa galajayo ndipo ankabereka Zeeshan, mwana wa a Mahmood, kumsana ali khanda. Limbe wa masiku amenewo ankanunkhira fodya ndi samusa, ndipo sitima ikalira anthu ankadziwa nthawi osayang'ana wotchi. Wa lero ndi wa njinga zamoto, ndipo ukangoyenda mogona akupheratu chala chakuphazi. Galaja yokha ndiyo inali isanasinthe, kupatula kuti mpando waukulu wa pakhomo unali wopanda munthu. Mwini wake anali atamwalira chaka chatha.

Zeeshan, mwamuna wowonda wa zaka makumi anayi, anafotokoza nkhaniyo ali chiimire. Chaka chilichonse madzi akasefukira, bambo ake ankadzaza Land Cruiser yawo yakale ndi ufa, mchere ndi mabulangete n'kutsika nayo ku Chigwa cha Shire, kwawo kwa theka la antchito awo. Chaka chino iye ankafuna kupita yekha m'malo mwawo. Koma galimotoyo inali itakhalira pansi ngati nkhuku yofungatira mazira, ndiye anaitanitsa ku Joni masipuling'i anayi aatali ndi mashoki anayi, zonse zachikasu, zoti ziikweze kuti izidutsa m'matope osakhula mimba pansi. A Mathias anamanga zonsezo Lachisanu ndi Loweruka, iye ali ku Lilongwe. Lolemba atakaiyesa pamsewu wafumbi wa ku Mpingwe, shoki imodzi inayamba kukha mafuta. Atagwira, penti yachikasu inatsalira m'manja.

Zitsulo zatsopano zija munalibemo. Munali zakutha zotola kusikirapu, zopakidwa penti, zophatikizidwa ndi timbale tachitsulo kuti zifike msinkhu. Makiyi a galaja anali ndi anthu atatu: iye mwini, a Mathias, ndi Chrispine, makaniko wachiwiri.

"Ndiye bwanji mwathamangira madala?" anafunsa Anastazia.

"Tayang'anani, sisi Ana. Ndayeza ndekha ndi tepi, ngodya zonse zinayi n'zofanana ndendende. Ndani wina m'Limbe muno angaimike zitsulo zakutha mowongoka chonchi? Ndawafunsa, sanandiyankhe. Angondipatsa makiyi n'kumapita."

Anati wadikira masiku awiri chifukwa cha ulemu wa bambo ake. Lachisanu akachoka kumzikiti masana, apita kupolisi. Ananena zimenezi maso ali kumbali, ndipo Anastazia anaona kuti mwamunayo sanagone bwino. A Mathias anali atagwira ntchito pamenepo zaka makumi anayi ndi chimodzi, ndipo tsopano akanatuluka ndi dzina la mbava.

Anastazia anayala katoni pansi n'kulowa kunsi kwa galimotoyo, mawondo akudandaula. Anaona penti, anaona timbale tija, anatuluka. Kenako anabwerera m'mbuyo mpaka pageti n'kuiyang'ana yonse. Inaima bwinobwino, yosapendekera kulikonse. Komabe china chake chinkamuvuta, monga zimakhalira m'bale wako akameta ndevu: umadziwa kuti wasintha koma sukutha kutchula chimene chachoka.

* * *

Chrispine anamupeza akulumikiza kakompyuta ku galimoto ya kasitomala. Anali wa zaka makumi atatu ndi mphambu, wa mapepala a kukoleji, ovololo yake yoyera kuposa malaya a anthu ena. Ankayankha funso lisanathe.

Loweruka anati anaweruka twelofu, madala adakali kunsi kwa galimoto. Lamlungu anali ku ukwati ku Bangwe. Anatulutsa foni osapemphedwa n'kuyamba kuonetsa zithunzi: iye akuvina, iye akuponya ndalama m'lichero, iye ataima pafupi ndi galimoto zomangidwa maliboni. Anastazia anayamikira suti yake n'kufunsa kuti ukwatiwo unali wa ndani. Unali wa mchemwali wa mlamu wake Arthur, uja amabwereketsa galimoto zazikulu ku mabungwe pa Ginnery Corner. Galimoto za maliboni zija zinali za iyeyo.

"Madala ndi dolo, madam, zimenezo sindingakane. Koma tauni yavuta. Munthu ukamakalamba umayamba kuganiza za mawa. Ine zandikhudza heve."

Anastazia anavomera ndi mutu ngati wamva chisoni chomwecho. Chimene anasunga mumtima n'chakuti zithunzi zonse zinali za dzuwa litapendeka. Madyerero a ukwati amayamba masana, ndipo za m'mawa wa Lamlungu munalibe chithunzi ngakhale chimodzi.

* * *

Moyang'anizana ndi galaja munali sitolo ya nsalu ya mayi Hema, amene anabadwira m'chipinda cha pamwamba pa sitoloyo zaka makumi asanu ndi awiri zapitazo ndipo ankagonabe momwemo. Chinyanja chawo chinali chakale, cholongosoka, ndipo ankakonza nacho ngakhale abusa. Anamukhazika Anastazia pa mpukutu wa nsalu, anamupatsa tiyi wa zonunkhira, anamudzudzula kuti wanenepa, kenako kuti sakudya. Anadandaula za fumbi, za magetsi, ndi za atsikana amakono amene sadziwa kusiyanitsa nsalu ya thonje ndi pulasitiki. Za Lamlungu anati sakudziwa kanthu, chifukwa mwana wawo Nidhi anawatenga m'mawa kupita nawo kukachisi, n'kukaswera kwake ku Mandala.

Anastazia anamaliza tiyi atataya mtima. Ali pakhomo kutsanzika, mayiwo anamugwira dzanja.

"Mathias si wakuba, iwe Ana. Wakuba sangandilize. Loweruka dzuwa litatembenuka anatulutsa galimoto ya Mahmood panja kuti aitsuke. Ine ndili pawindo, ndinaiona itaima phewa m'mwamba, ngati kale. Ndinaiwala kuti Mahmood kulibe. Ndinadikira kuti atuluke ndi ndodo yake, akwere."

Anastazia anaima njo pakhonde la sitoloyo.

Phewa. Inde, phewa. A Mahmood anali chimunthu cha thupi, choti chikaseka matebulo ankagwedera, ndipo galimoto iliyonse imene ankayendetsa inkagonera mbali yawo. Land Cruiser ija yokha ndiyo inkachita zosiyana. Ikakhala yopanda munthu inkaima mbali ya dalaivala ili m'mwamba pang'ono, ngati mayi wonyamulira mwana m'chiuno. Mwini wake akakwera inkatsika pang'onopang'ono n'kuwongoka, ndipo ana a antchito, atapanikizana kumbuyo pakati pa matumba a ufa, ankakuwa onse pamodzi kuti, "Yakhala!" Akatero ulendo unkayamba. Ankatsika mapiri a ku Thabwa makutu akutsekeka, kutentha kukubwera kudzawachingamira, a Noel akuimba nyimbo za Chisena zimene ku Limbe ankachita nazo manyazi. A Mahmood ankaima pa Nchalo kugulira mwana aliyense mzimbe wotalika kuposa mwiniwake. Anthu a m'galimoto imeneyo ambiri anapita, ndipo Anastazia anawasowa onse nthawi imodzi.

Anawoloka msewu n'kukaimanso pageti. Galimotoyo inali yowongoka ngati tebulo. Loweruka inali ndi phewa, Lolemba inalibe.

* * *

Lachinayi anapita ku Kanjedza, kunyumba kwa a Mathias. A Mathias anawapeza pansi pa mtengo wa mapeyala atavala ovololo, ngakhale analibe kopita. Ankasankha manati a mabawuti m'chitini chakale cha mkaka, aakulu uku, aang'ono uku. Anali Msena wa ku Tengani, ku Chigwa, wamfupi, wa mawu owerengeka. Za mlandu anakaniratu kulankhula.

Anastazia sanawakakamize. Anawadziwa kuyambira ali mwana, ndipo ankadziwa khomo lolowera. Anawafunsa mmene munthu amakwezera galimoto yotere kuti iime bwino, ngati akufuna kuphunzira ntchitoyo. Manja a madalawo anayamba kulankhula okha.

Anati usanamasule bawuti iliyonse umayeza kaye, kuchokera pakati pa tayala kufika m'mphepete mwa madigadi, ngodya zonse zinayi, n'kulemba ndi choko pakhoma. Ukakweza pa jeke umaika zochirikiza, chifukwa jeke alibe chibale ndi munthu. Sipuling'i yakale umaitulutsa moinyengerera, yatsopano umaikhazika m'malo mwake mpaka nsonga yake igwere pamphako. Mabawuti sumangitsa galimoto ili m'mwamba. Umaitsitsa, umadzaza thanki, umaigwedeza, umazungulira nayo kawiri kuti zitsulo zidziwane, ndiyeno n'kumangitsa. Ukatero umayezanso.

"Mumayeza pampando pali ndani?" anafunsa Anastazia.

Manja aja anaima.

"Kuseri kwa kompuresa ndaonako matumba awiri a simenti ndi batire lakufa, zopukutidwa bwinobwino," anapitiriza Anastazia. "Ndadabwa. Pagalaja sipakumangidwa kanthu."

A Mathias anayang'ana m'chitini. Atayamba kulankhula, mawu ankatuluka movuta. Matumba awiri ndi batire ndiwo anali thupi la bwana. Kale bwanayo ankakhala yekha pampando akuwerenga nyuzi, iwo akuyeza. Miyendo itayamba kuwavuta, anayesa zinthu zosiyanasiyana pasikelo mpaka anapeza zolingana nawo. Ndipo kuti mbali ya dalaivala ikwere zala ziwiri, panali mphete ziwiri za labala, imodzi kutsogolo ina kumbuyo, zimene anadula ndi mpeni pa lamba wakutha wa kufakitale ya tiyi, Zeeshan asanayambe sukulu. Masipuling'i ankasinthidwa, koma mphetezo zinkabwerera pamalo pake, zomatidwa ndi guluu pamutu pa sipuling'i.

"Mwana anandiuza kuti aifuna yofanana mbali zonse. Ndinachita zimenezo, Ana. Ndinaitsitsa, ndinaiyang'ana. Inali ngati ya munthu wina aliyense. Nkhabe, ayi, mtima unakana. Ndinaikwezanso pa jeke."

Anastazia anafunsa chifukwa chimene sananenere zimenezi Lolemba. Anati Zeeshan anawaimitsa pageti, sanawalole kufika pamene panali galimoto, ndiye sanadziwe kuti yawongoka. Komanso akanati chiyani? Kuti anaphwanya lamulo la mwana n'kumvera munthu wa kumanda? Akanawaseka kuti madala mutu wazungulira.

"Ndiponso mwana amene ndinamuphunzitsa kugwira sipanala wandifunsa ngati ndaba. Funso limenelo lilibe yankho."

Anastazia anawamvera chisoni, komanso anawapsera mtima pang'ono, chifukwa amuna a msinkhu umenewo amalolera kukagona kundende kusiyana n'kuvomera kuti asowa mnzawo. Anawauza kuti kunsi kwa galimoto analowako yekha ndipo mphete munalibe. A Mathias anadzutsa mutu.

"Ndiye zapita ndi masipuling'i. Guluu ameneyo sachoka ndi manja."

* * *

Lachisanu m'mawa Anastazia anatsika minibasi pa Ginnery Corner. Yadi ya Arthur inali kuseri kwa nyumba zosungiramo katundu, ndipo sanafunikire kufunsa zambiri. Galimoto zisanu zazikulu zinaima pamzere, zotsukidwa, zina zikadali ndi zidutswa za maliboni pamagalasi. Zinayi zinaima monga galimoto zimaimira. Yachisanu, Land Cruiser yobiriwira yotalika kuposa zinzake, inakweza phewa lamanja.

Anastazia anaima n'kuiyang'ana. Zinali ngati wakumana ndi mlendo atavala jekete la bambo ake.

Arthur anali munthu wa mimba ndi mafoni awiri, wolankhula ngati aliyense ndi kasitomala. Atamva kuti mayiyu akufunsa za galimoto yobiriwirayo, anayamba yekha kudandaula. Anati zitsulo n'zatsopano, zochokera ku Joni, anyamata ake anazimanga Lolemba monga zinabwerera, ya kumanja kumanja, ya kumanzere kumanzere, chifukwa zinali zolembedwa. Koma galimoto ikukana kuwongoka, ndipo ayeza mpaka atopa. Anazigula kwa mlamu wake Chrispine, amene anati kasitomala wina anaitanitsa n'kusintha maganizo. Chrispine anabwera nazo Lamlungu chakumasana, thukuta lili kamukamu, n'kusambira pompo kuti athamangire ku ukwati.

Anastazia anapempha katoni. Pamutu pa sipuling'i yakutsogolo, pakati pa chitsulo chachikasu chonyezimira ndi thupi la galimoto, panali mphete yakuda yodulidwa mokhotakhota, ulusi wa lamba ukuonekera m'mbali. Kumbuyo kunalinso ina. Chrispine anaziyesa za m'bokosi la ku Joni.

Atatuluka anadzitchula dzina ndi ntchito yake yakale, ndipo mafoni onse awiri a Arthur analowa m'thumba. Kenako anaimbira Zeeshan. Nthawi inali itangokwana leveni.

"Musanapite kumzikiti mudzere pa Ginnery Corner. Mudzere ku Kanjedza kaye, mutenge a Mathias. Mukawatenge nokha, musatume munthu."

* * *

Chrispine sanalimbe. Ataona mlamu wake, mphete ndi apolisi awiri amene Anastazia anawaphunzitsa ntchito, anaulula zonse asanakhale n'komwe pansi. Anati Lamlungu m'mawa atapeza galimoto itapendekera anaganiza kuti maso a madala atha, ndiye pomanga zakutha zija anayeza mosamala kwambiri kuti bwana asakayike kanthu. Akanakhala waulesi pang'ono, mwina akanapulumuka.

Apolisi atajambula zithunzi ndi kulemba zawo analola kuti zitsulo zibwerere kwawo, ndipo Loweruka a Mathias anazimanganso. Anastazia anakhala pa mpando waukulu wa pakhomo uja, umene unkamukwana kawiri, akuonerera. Mayi Hema anatumiza tiyi, kenako anabwera okha kudzaona ngati wamwedwa. Zeeshan anali atapepesa kale ku Kanjedza, ndipo a Mathias anangoyankha kuti, "Takhuta," zikomo wa Chisena, osamuyang'ana. Tsopano ankazungulirazungulira galimotoyo, akupereka sipanala imene sinapemphedwe. Anastazia anaona kuti kupepesa kuja sikunafike pamene panavulala.

Itafika nthawi ya mbali yamanja, a Mathias anatulutsa mphete ziwiri zija, zimene anali atazimatula ndi mpeni. Anazipukuta pa ovololo n'kuziika pa benchi, pakati pa iwo ndi Zeeshan.

"Galimoto ndi yanu, bwana. Ndiyeze ndi thupi la ndani?"

Aka kanali koyamba kumutchula bwana. Kale lonse anali Zee. Zeeshan anayang'ana mphetezo, anayang'ana madalawo. Anapita kuseri kwa kompuresa, anawerama, n'kunyamula thumba la simenti. Linamupepetula kawiri asanafike pagalimoto, malaya ake oyera a Loweruka atasanduka otuwa. Palibe anamuthandiza, ndipo Anastazia anadziwa kuti sakufuna kuthandizidwa. Analikhazika pampando wa dalaivala, anabwerera kukatenga lachiwiri, kenako batire.

A Mathias anatola mphete zija n'kulowa kunsi.

Dzuwa litatembenuka anaitsitsa, anaigwedeza, anazungulira nayo kawiri mpaka kumsika ndi kubwerako, anamangitsa mabawuti, anayeza n'kulemba manambala anayi ofanana pakhoma, pansi pa mizere ya choko ya zaka zambiri. Ndiyeno anatsitsa simenti ndi batire. Galimotoyo inadzuka pang'onopang'ono mbali yamanja n'kuima phewa m'mwamba. Mayi Hema anaphimba pakamwa ndi nsonga ya sari yawo.

Zeeshan anakwera n'kugwira chiwongolero. Anastazia anapeza kuti wagwira mpweya, akudikira ngati mwana wa kumbuyo kwa matumba a ufa. Phewa linatsika, koma silinafike. A Mathias anaika tepi, anayang'ana, anaika chala chimodzi m'mphepete mwa madigadi.

"Sinakhale," anatero Zeeshan. "Ndine wopepuka."

"Chala chatsalacho n'cha bambo ako, Zee. Upita nawo."

Zeeshan anaika chipumi pa chiwongolero ndipo mapewa ake anayamba kugwedezeka. A Mathias anapinda tepi yawo, anaiika m'thumba la pachifuwa, n'kutambasula dzanja pawindo kuti awabwezere makiyi a galaja.